Samuel Ajayi Crowther, Mwana wa Mkazi Wamasiye wa ku Osogun

Tsiku lotsiriza la caka, ndilo la 31 December, Akristu a mpingo wa Anglican akumbukira Samuel Ajayi Crowther, pakuti pa tsiku limenelo, m'caka ca 1891, anatsiriza ulendo wace wa pansi pano. Iye ndiye munthu wa mu Afrika woyamba kudzozedwa bishopu mu mpingo umenewo. Za ubishopu wace adziwa anthu ambiri, koma amene adziwa za amace, dzina lao Afala, ali owerengeka. Mai amenewa anataya mudzi, mwamuna ndi mwana cifukwa ca nkhondo zogwira akapolo, nakhala zaka 25 osadziwa ngati mwanayo ali moyo kapena anafa. Mbiri ya bishopuyo iyenera kuyambira pa banja limeneli.

MUDZI WA OSOGUN

Mwanayo anabadwa pafupi ndi caka ca 1809 m'mudzi wa Osogun, m'dziko la Ayoruba, limene tsopano liri mbali ya dziko la Nigeria. Makolo ace anamucha Ajayi. Atate wace anali mlimi ndi woomba nsalu. Monga anafotokozera Ajayi mwini m'kalata imene analemba m'caka ca 1837, mudziwo unali waukulu, wa anthu ngati 12,000, ndipo unazingidwa ndi linga la mamailosi anai.

Masiku amenewo ufumu wakale wa Oyo, umene unasunga mtendere pakati pa Ayoruba, unali kupasuka. Akulu a nkhondo anapandukira mfumu yao, ndipo midzi inayamba kufunkhana. Ogwidwa pa nkhondozo anagulitsidwa kuloza kumwera, kufikira ku gombe la nyanja yamcere, kumene zombo za Apwitikizi zinali kudikira kuwaolotsera ku Brazil. Angerezi anali ataletsa malonda a akapolo m'caka ca 1807, naika zombo zao zankhondo kulondera gombelo, koma malondawo sanaleke.

Kuciyambi kwa caka ca 1821, m'mawa wina pamene akazi anali kukonza cakudya, mbiri inamveka kuti adani afika. Linali khamu lalikulu la ankhondo a ku Oyo pamodzi ndi Afulani. Amuna a m'mudzi sanakwanire kusunga linga lalitali lotere, ndipo atapita maora atatu kapena anai adani analowa, nayatsa nyumba. Atate wace wa Ajayi anathamangira kunyumba kukauza banja lao kuti lithawe, nabwerera kunkhondo. Ajayi sanawaonenso, pambuyo pace anamva kuti anaphedwa pa nkhondo yina.

Akazi anathawa ali ndi ana kumbuyo ndi akatundu pamutu, koma minga inakola akatunduwo, niwagwetsa. Adani anawaponyera zingwe m'khosi, nawamanga pamodzi monga amangira mbuzi. Afala anagwidwa asanatuluke ndi m'mudzi momwe, pamodzi ndi Ajayi, alongo ace awiri ndi mbale wao wina. Mlongo wamng'onoyo anali khanda la miyezi khumi.

ULENDO WA KU GOMBE

Tsiku lomwelo anawayendetsa mamailosi 20 kunka ku mudzi wa Iseyin. Panjira Ajayi anaona agogo ace capatali pakati pa khamu la ogwidwa, pamodzi ndi ana ena a pabanja pao. Anawaona kamphindi cabe, nalekana nao osaonananso.

M'mawa mwace ankhondo anagawana zofunkha. Ajayi ndi mlongo wace wamkulu anagwera mkulu wa nkhondo. Afala ndi khanda anatsala kwa amene anawagwira. Sanalimbe mtima kulira mokweza, koma anasisima cabe. Dzuwa lisanalowe Ajayi anasinthanitsidwa ndi kavalo, nalekana ndi mlongo waceyo. Itapita miyezi iwiri, amene analandira kavaloyo sanakondwere naye, namubweza, ndipo mnyamatayo anabwezedwa kwa mbuye wace woyamba. Mbuyeyo anamutengera ku mudzi wa Dada, ndipo kumeneko, mosayembekeza, anapeza amace ndi khanda lija. Anakhala pafupi nao miyezi itatu, nayesa kuti mabvuto ace atha.

Madzulo ena anamutuma kuti aperekeze munthu wina kukalandira ndalama ku nyumba ya pafupi. Atalowa m'nyumbamo anapezamo akapolo ambiri omangidwa, ndipo iyenso anawerengedwa pamodzi nao. Kusanace anawanyamulira ku msika wa Ijaye. Sanapeze mpata wotsazika amace. Afala anangoona kuti mwana wao sanabwere.

Ku Ijaye anagulidwa ndi mkazi wina wamalonda, amene anayenda naye mudzi ndi mudzi kuloza kumwera. Cinenero ca anthu cinayamba kusiyana ndi ca kwao, ndipo anamva mbiri ya Apwitikizi ogula anthu kugombe. Mantha ace anakula kotero kuti usiku wina ndi unzace anayesa kudzipotola khosi ndi lamba wace, koma analephera kumanga kolimba. Mkaziyo, poona kuti angataye cuma cace, anamugulitsa msanga. Kuyambira pamenepo anapita m'manja mwa ambuye ena, amene anamusinthanitsa ndi fodya, kacasu ndi akatundu ena, kufikira anamuolotsa pa bwato kunka ku Eko, ndiwo mudzi wa Lagos. Anali asanaone madzi ambiri otere, ndipo anaopa kwambiri.

Ku Eko anaona Azungu nthawi yoyamba, ndipo anagulidwa ndi Mpwitikizi. Amuna ndi anyamata anamangidwa pa unyolo umodzi wautali wopyola m'zitsulo za m'khosi mwao, ndipo munthu wamkulu akatembenuka usiku, ana anakokedwa nabvulala. Anakhala momwemo miyezi inai. Pomariza anawakweza usiku m'combo cochedwa Esperança Feliz, onse pamodzi anthu 187.

Pa 7 April, 1822, combo cija cisanapite patali, cinagwidwa ndi zombo ziwiri zankhondo za Angerezi, Myrmidon ndi Iphigenia. Akapolowo sanadziwe kuti amasulidwa. Anayesa kuti agwa m'manja mwa ofunkha ena oopsa koposa. Ajayi ndi anzace, atawatengera m'combo ca Myrmidon, anaona nyama yopacikidwa ndi mulu wa zinthu zobulungira, naganiza kuti ndiyo nyama ya anzao ndi mitu yao. Mtima unakhala pansi pamene anaona ziboda pa nyamayo nazindikira kuti ndi nkhumba, ndi kuti zobulungirazo ndi zipolopolo za mizinga. Mkulu wa comboco anali Henry Leeke. Pa 17 June, 1822, anawatsitsa ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, kumene Angerezi anali kukhazika anthu omasulidwa m'zombo.

KU SIERRA LEONE

Ajayi anaperekedwa kwa amisyoni a Church Missionary Society m'mudzi wa Bathurst. Anali ndi njala ya maphunziro, ndipo itapita miyezi isanu ndi umodzi anakhoza kuwerenga Cipangano Catsopano m'Cingerezi. Anaphunziranso umisiri wa matabwa kwa John Weeks. Pa 11 December, 1825, anabatizidwa ndi mbusa John Raban, nalandira dzina la Samuel Crowther, ndilo dzina la mbusa wina wa ku London amene anali mmodzi wa akulu a misyoniyo.

M'caka ca 1826 anapita ku England, naphunzira miyezi ingapo pa sukulu ya ku Islington. Atabwerera m'caka ca 1827, dzina lace linalembedwa loyamba m'buku la ophunzira a sukulu yaikulu ya Fourah Bay. M'caka ca 1829 anakwatira Asano, mtsikana womasulidwa ku ukapolo monga iye, amene pa ubatizo anachedwa Susan. Anakhala m'banja zaka zoposa 50. Crowther anagwira nchito ya uphunzitsi, ndipo pa nthawi yace yopuma anaphunzira zinenero.

M'caka ca 1841 boma la Angerezi linatumiza zombo zitatu kukwera mtsinje wa Niger, kukapangana ndi mafumu kuti aleke kugulitsa anthu nayambe malonda a zokolola za m'minda. Crowther anapita nao pamodzi ndi mbusa J. F. Schön. Ulendowo unatha mwacisoni, pakuti malungo anapha Azungu osacepera 40. Koma cinthu cimodzi cinaoneka poyera: ngati Uthenga Wabwino uti ulowe m'kati mwa dzikolo, oyenera kuunyamula ndiwo ana a mu Afrika eni ace. Cifukwa cace Crowther anaitanidwa ku London, ndipo m'caka ca 1843 bishopu wa ku London anamuika manja akhale mbusa. Caka comweco linasindikizidwa buku lace la mau a Ciyoruba ndi malamulo a cineneroco.

AKOMANA NDI AMACE

Pa nthawi imeneyo Ayoruba ena omasulidwa anayamba kubwerera kwao kucokera ku Sierra Leone. Ambiri anakakhala ku Abeokuta, mudzi umene anthu a mtundu wa Egba, othawa nkhondo, anamanga pafupi ndi caka ca 1830. Dzina la mudziwo litanthauza pansi pa thanthwe. Obwererawo anapempha aphunzitsi, ndipo misyoni inatumiza Henry Townsend, C. A. Gollmer ndi Crowther. Anafika ku gombe la Badagry kuciyambi kwa caka ca 1845. Koma Sodeke, mfumu imene inawaitana, inamwalira, ndipo nkhondo zinatseka njira. Anadikira caka ndi theka. Townsend ndi Crowther analowa m'Abeokuta mwezi wa August, 1846.

Asanathe masabata atatu, Crowther anamva kuti amace ali moyo m'mudzi wa pafupi wochedwa Abake. Pa 21 August anadza kwa iye, woperekeza ali mbale wace wamwamuna. Mai okalambawo ataona mwana wao ananthunthumira, osakhulupirira maso ao. Anagwirana, napenyana, misozi iri kutsika, osakhoza kunena kanthu. Pamenepo Afala anayamba kumuitana ndi maina aubwana amene agogo ace anali kumuitana nao, agogo aja amene anawaona capatali panjira ya ku Iseyin, amene anafera mu ukapolo.

Afala nao anali atayenda ulendo wao wowawa. Abale anawaombola pamodzi ndi ana ao akazi, nakhala ku Abake. Koma zitapita zaka anagwidwanso panjira, nagulitsidwanso monga kapolo ali okalamba, kufikira ana ao akazi anasonkha cuma nawaombola kaciwiri. Ngakhale atakomana ndi mwana wao, mabvuto a banjalo sanathe. Pasanapite nthawi yaitali nkhondo inapasula Abake, ndipo alongo ace a Crowther pamodzi ndi ana ao anatengedwa ukapolo. Tsopano amene anawaombola anali mnyamata uja anagulidwa ndi kavalo.

Afala anakhala m'nyumba ya mwana wao, namva Mau a Mulungu m'cinenero cao, pakuti Crowther anali atayamba kutembenuza Malembo ndi mapemphero m'Ciyoruba. Mwezi wa February, 1848, anabatizidwa pamodzi ndi Akristu oyamba a ku Abeokuta, nalandira dzina la Hannah, ndilo dzina la amace a mneneri Samueli, amene anapempha mwana kwa Mulungu namupereka ku nchito yace.

NCHITO YA PA MTSINJE WA NIGER

Crowther sanaiwale unyolo wa ku Eko. M'caka ca 1851 anapita ku England kukafotokoza za malonda a akapolo amene anapitirirabe ku Lagos. Analankhula ndi nduna Lord Palmerston, naonekeranso pamaso pa Mfumukazi Victoria ku Windsor, kumene ananena Pemphero la Ambuye m'Ciyoruba. Kumapeto kwa caka comweco zombo za Angerezi zinathira nkhondo Lagos, ndipo m'caka ca 1852 mfumu Akitoye inabvomera pangano loletsa kugulitsa anthu ku zombo.

M'caka ca 1854 anakweranso Niger pamodzi ndi dokotala William Baikie. Pa ulendo umenewu anthu anamwa kwinini tsiku ndi tsiku, ndipo malungo sanaphe munthu ndi mmodzi yemwe. M'caka ca 1857 anayambitsa misyoni ya pa Niger, nasiya mbusa J. C. Taylor ku Onitsha. Combo cao, Dayspring, cinasweka pa miyala pafupi ndi Jebba, ndipo anakhala pamenepo miyezi yambiri kudikira cithandizo. Crowther anacita nayo nthawiyo kuphunzira cinenero ca Anupe. Anchito a misyoni imeneyi anali anthu akuda, ambiri a iwo omasulidwa a ku Sierra Leone kapena ana ao. M'caka ca 1862 moto unatentha nyumba yace ku Lagos, nuononga mapepala a zinenero amene anasonkhanitsa zaka zambiri. Iye anayambanso kulemba.

Henry Venn, mlembi wamkulu wa misyoni ku London, anakhulupirira kuti mpingo wa mu Afrika uyenera kudzilamulira, kudzithandiza ndi kudzifalitsa wokha. Ndiye anakakamiza kuti Crowther akhale bishopu, ngakhale Crowther mwini anakana poyamba, ndipo amisyoni ena, monga Townsend, sanafune kulamulidwa ndi munthu wakuda. Pa 29 June, 1864, anadzozedwa bishopu m'kacisi wamkulu wa ku Canterbury. Pakati pa khamu la tsikulo panali Henry Leeke, mkulu wa combo cija cinamupulumutsa zaka 42 zapitazo, ndi mkazi wamasiye wa John Weeks, amene anamudziwa ali mnyamata wophunzira zilembo ku Sierra Leone.

Zaka 27 bishopuyo anayenda pa mtsinje, pa combo ndi pa bwato, kuyambira ku Bonny ndi Brass kugombe kufikira ku Lokoja ndi kupitirira. Ngakhale ena mwa amene anapasula mudzi wa kwao anali Asilamu, iye analankhula ndi mafumu a Cisilamu mwaulemu ndi moleza mtima, napalana ubwenzi ndi mfumu Masaba ya ku Bida. M'caka ca 1867 mfumu yina, dzina lace Abokko, inamugwira pamodzi ndi mwana wace Dandeson, nifuna dipo lalikulu. Anapulumuka, koma Mngerezi William Fell, amene anadza kudzawalanditsa, analasidwa mubvi wa ululu nafa. Buku Lopatulika lonse m'Ciyoruba, limene Crowther anatembenuza pamodzi ndi anzace, linatsirizika m'caka ca 1884.

Hannah Afala anaona mwana wao ali bishopu, naonanso adzukulu ndi ana a adzukulu. Anamwalira m'caka ca 1883 ali okalamba ndithu, atakhala pafupi ndi mwana wao zaka 37, ndizo zaka zoposa zimene analekana. Susan anali atatsogola m'caka ca 1880.

MASIKU OTSIRIZA

Mapeto a moyo wa bishopuyo sanali a mtendere. Venn anali atamwalira m'caka ca 1873, ndipo kunadza amisyoni acinyamata ocokera ku England, acangu koma osaleza mtima, amene anapeputsa nchito ya abusa akuda. Zolakwa zina zinalipo ndithu pakati pa anchito a misyoni, popeza bishopu mmodzi wokalamba sanakhoze kuyang'anira malo otalikirana otere, ndipo ndalama zinali zocepa. Koma acinyamatawo anaweruza onse pamodzi. Pa msonkhano wa ku Onitsha m'caka ca 1890 anaimitsa abusa pa nchito pamaso pa bishopu wao, osasamala ulamuliro wace, ndipo mmodzi wa oimitsidwawo anali Dandeson. Crowther, ali ndi zaka zoposa 80, sanabwezere mau oipa. Anatula pansi udindo wace m'bungwe limenelo, napitiriza kuyang'anira mipingo ya kugombe. M'caka ca 1891 anagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo, namwalira pa 31 December ku Lagos, mudzi womwe uja anagulitsidwako kwa Mpwitikizi.

Amene anamulowa m'malo anali Mzungu. Koma mipingo ya kugombe, motsogozedwa ndi Dandeson, inayamba kudziyang'anira yokha m'caka ca 1892, nikula. Mdzukulu wace, Herbert Macaulay, anakhala mmodzi wa oyamba kumenyera ufulu wa dziko la Nigeria. Ndipo m'caka ca 2014, pokumbukira zaka 150 cidzozedwere cace, Justin Welby, amene pa nthawiyo anali bishopu wamkulu wa ku Canterbury, anabvomereza poyera m'kacisi momwe muja kuti mpingo unamulakwira Crowther.

Munthu uyu anayesedwa mtengo wa kavalo, wa fodya ndi wa kacasu, ndipo mu ukalamba wace anapeputsidwa ndi abale ace a mu mpingo. Pa zonsezi sanasunge mangawa. Akanatha kukhala mwamtendere ku Freetown monga mphunzitsi wolemekezeka, koma anasankha kubwerera ku dziko limene linamugulitsa; ndipo pa njira yobwererayo ndi pamene Mulungu anamubwezera amace. Banja liri lonse limene litsiriza caka liri ndi mpando wopanda mwini, kapena liri ndi mwana amene anapita kutali osamvekanso, likumbukire Hannah Afala, amene anadikira zaka 25, ndi mwana wao Samuel, amene anabwerera kwao atanyamula Mau a Mulungu m'cinenero ca amace.